Zitsa za Kuseri kwa Hositelo

Lolemba, 15 Julaye 2024

Chisanu chagwanso. Udzu mbuu mpaka 7 koloko, zala kukanika kugwira keni yothiririra. Ndazungulira kuseri kwa hositelo ya atsikana, paja ana a kalabu ya zachilengedwe anabzala mbande za mbawa mu Januwale, ati kubwezeretsa nkhalango pakoleji. Anabzala 400. Zamoyo lero 31. Zina ndikazula ndikupeza chubu chili chikhalire, mizu itapotana m'kati. Kubzala mtengo ndi pulasitiki yake yomwe! Koma zithunzi zokha anajambula zokongola, ayi ndithu.

Kuthirira anati tizisinthana. Mayeso atayandikira, kusinthana kwake kwasanduka Rafaelo m'mawa, Rafaelo madzulo. Ndatopa ine.

Lachiwiri, 16 Julaye

A pulinsipolo, mayi Zikhalo, anandiitanitsa ku ofesi. Akuti a bodi yoyang'anira koleji akubwera Lolemba likudzali ndipo safuna alendo adzaone tchire. A metironi akudandaula njoka, ena akuopa moto. "A Rafaelo, anawa ndawapatsa miyezi isanu ndi umodzi osatchetcha. Mitengo palibe. Loweruka mutchetche ponse, tidzathire miyala pakhale poimika magalimoto." Ndangoti chabwino madamu. Zaka 21 ndikutchetcha pamenepo, chachilendo n'chiyani.

Tamandani, mtsikana wotsogolera kalabu, anali pakhomo, wamva zonse. Sanandiyang'ane n'komwe. Mwina akuyesa ndinakawanenera ndine.

Lachitatu, 17 Julaye

Bondo latupa. Ku mphakati sindinapite.

Lachinayi, 18 Julaye

Lero ndakalipira mwana wa eni, pakamwa mpaka thovu.

Ana a kalabu anabwera asanu ndi anayi ndi zikwanje, akuti alambule mozungulira mbande zamoyozo kuti a bodi adzazione. Ine ndili ndi wilibala, ndingoona Levison, wamtali wokonda nthabwala uja, akusadza timitengo tofika m'bondo m'kati mwa udzu, khapu khapu. Ndinakuwa, "Iwe! Siya!" Iye akuseka, "Aaa madala, ndi zitsamba chabe izi, zikuphimba mitengo yathu." Mitengo yawo iti? Yakufayo?

Ndinagwada ndi bondo lomweli, kupatula udzu, kufukula pang'ono ndi manja. Chitsa chakuda, pansi pomwe. Ndinati masamba okhuthalawa ndi msuku, awo ndi mombo, uko muwanga. Mizu yake ili pansi kalekale, chisanu siichiopa, keni siifuna. Tamandani anafunsa, "Mwadziwa bwanji kuti pamenepo pali chitsa?" Ndinanyamula wilibala n'kumapita.

Pano ndilembe, poti kope silinena. Koleji ikumangidwa mu 2003, ganyu yanga yoyamba inali kugwetsa mitengo pamalo omwewo. Nkhwangwa inali yanga. Malemu mayi a kunyumba, Bernadetta, ankatola masuku pomwepo n'kukagulitsa kumsewu. Anakhala sabata yathunthu osandilankhula. Kuchokera apo chaka chilichonse zitsa zimaphuka, ine n'kutchetcha, kuphukanso, kutchetchanso. Ndimadziwa bwinobwino chomwe ndikudula. Chaka chino chokha ndi chomwe zapumako kwa ine. Ndipo ndakhala chete miyezi yonseyi ana akuvutika ndi mbande. Mwina chifukwa sanandifunse, iwo amangondifuna pa makasu. Mwina manyazi. Zonse ziwiri.

Lachisanu, 19 Julaye

Tamandani wabwera kushedi ya zipangizo ndikunola chitchetcho. Waodira mwaulemu, "A Rafaelo." Kale ndinali madala basi. Akuti, "Zitsazo zilipo zingati?" Ndati sindinawerengepo. "Mawa mutchetchadi?" Ndati ndauzidwa. Anakhala pa thumba la laimu, maso ofiira, kaya ndi mayeso kaya n'chiyani. Kenako akuti, "Ingotionetsani, zinazo muona nokha."

Ndaonetsa ana atatu kasamalidwe ka zitsa. Pa chitsa usiye mphukira ziwiri zamphamvu, zinazo dula ndi mpeni wakuthwa, udzu upalire phazi limodzi kuzungulira. Levison lero nthabwala zinamuthera. Vuto, m'udzumo mphukira sizioneka ukaima patali, pafunika chizindikiro.

Ndikapanda kutchetcha ndi kalata yochenjeza, mwinanso kuposa apo. Kwanditsalira chaka chimodzi ndipume pantchito. Munthu wanzeru angangotchetcha.

Loweruka, 20 Julaye

Ndinapita ndi chitchetcho, komanso chitenje chofiira chakale cha Bernadetta, chija ankapinda nkhata posenza beseni. Zaka zinayi chili m'sutikesi. Ndinaching'amba timizeremizere.

Ana anabwera 23, ena sindinawaonepo chiyambire. Ine kutsogolo ndi ndodo kuopa njoka, iwo m'mbuyo kudulira ndi kumanga nsalu. Njoka sitinaione, mbewa zokha. Chitenje chinatha, atsikana anakatenga masikafu awo. Pofika 3 koloko Tamandani anawerenga zitsa 187.

Ndatchetcha njira yotchinga moto yokha, mikono itatu kuzungulira. Pakati sindinakhudze. Msana ngati andimenya ndi musi.

Lamulungu, 21 Julaye

Ndinagona pa ulaliki. A Damiano oyandikana nawo benchi anachita kundigwedeza.

Lolemba, 22 Julaye

Mayi Zikhalo anatulukira 8 koloko, alendo asanafike, nkhope itamanga. "A Rafaelo, ndinati chiyani Lachiwiri?" Tamandani anayamba kufotokoza, iwo anamuimika ndi dzanja. Anayang'ana tinsalu tofiira tili mbwee mpaka kumpanda. Analowa m'udzumo ndi nsapato zawo za muofesi, kuwerama, kugwira tsamba.

"Uwu si msuku uwu?"

"Ndi womwewo, madamu."

"Wabzala ndani?"

Ana onse maso pa ine. Ndinati, "Palibe. Ndi mitengo ija ndinagwetsa ine koleji ikumangidwa. Ndakhala ndikuidula chaka ndi chaka, koma yakana kufa."

Anafunsa kuti idzabereka liti. Ndinati mwina zaka zisanu, mwina kuposa. "Inu mudzakhala mutapuma." Ndinati eya, adzadya ndi ena.

Galimoto inaliza hutala kugeti. Iwo anaima kanthawi akuchotsa chisoso pa siketi. "Za kusamvera tikambirana mawa ku ofesi. Pano chotsani chitchetchocho panjira, alendo angapunthwe. Ndiwadzeretsa kuno, ndipo wofotokoza ndinu." Ine ndi ovolosi yong'ambika pabondo!

Ndafotokoza. Zomwe ndanena sindikuzikumbuka. Za miyala ndi magalimoto palibe anazitchulanso. Zamawa ndiziona mawa.

Onse atapita ndinapeza kansalu kamodzi kofiira katatsalira m'thumba. Ndakamanga pa chitsa cha pachulu, paja Bernadetta ankatula beseni. Mphukira yake yandifika kale m'chiuno.