Apongozi Anapeza Kabedi M'kabati Mwanga

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'malo, koma sabata yathayi ndinatsala pang'ono kulongedza n'kubwerera kwathu ku Chipinge.

Apongozi anga aakazi, omwe tikukhala nawo kuno ku Sakubva, ankafuna bulangeti m'kabati mwanga. Kuseri kwa zovala anapeza kabedi kotalika ngati chikhatho, timipando tiwiri ndi katebulo, zonse zopala bwino. Sanandifunse. Anaitana azilamu anga ndi mneneri wa kumpingo kwawo. Pobwera kumsika komwe ndimagulitsa mapeyala, ndinapeza tinthuto tili pabwalo, mneneri akutiwaza madzi amchere.

"Mtengwa, amagona apa ndani?" anatero apongozi. "N'chifukwa chaketu mapeyala ako amatha msanga a anzako akuola. Ukuweta ndondocha m'nyumba ya mwana wanga."

Ine kakasi, poti tinthuto ndinali ndisanationepo. Amuna anga, a Gwinyai, anangoti zyoli.

Anandipulumutsa ndi mwana wanga Ropafadzo, wa giredi 7, yemwe anafika nthawi yomweyo kuchokera kusukulu. Anakuwa, "Agogo, mukunyowetsa mayeso anga!" Zoonadi, aphunzitsi a ntchito zamanja anauza ana a m'kalasi mwake kuti aliyense apange timipando ta m'nyumba, ndipo malikisi ake alowa m'mayeso. Iye ankatola tizidutswa ta matabwa a paini kwa kalipentala, n'kumabisa ntchito yake m'kabati poopa mng'ono wake amene amatafuna chilichonse. Mneneri anazemba osatsanzika. Ndinaseka mpaka misozi, Aphungu, kenako ndinalira zenizeni.

Pano guluu anasungunuka, katebulo miyendo ili mbwee, ndipo Ropafadzo akuti sapanganso. Apongozi sanapepese. Angondipatsa botolo la chiponde akuyang'ana kumbali. Kodi ndiwakakamize kupepesa, kapena ndingothokoza kuti zatha?

Mai R.C., Mutare

Mai R.C.,

Pumani kaye, mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Chiponde chija landirani ndi manja awiri. Akuluakulu ambiri mawu akuti "pepa" amawatsamwa, ndiye amapepesa ndi botolo. Koma botolo lokha silikwanira. Anakupakani matope pabwalo, ayenera kukutsukaninso pabwalo pomwepo.

Ntchito imeneyo ndi ya a Gwinyai. Auzeni mosapsatira kuti aitanenso onse amene anabwera tsiku lija, anene okha ndi pakamwa pawo kuti mkazi wawo ananamiziridwa. Mwamuna amene anakhala chete mkazi wake akutchedwa mfiti ndiye woyamba kupepesa.

Kenako thandizani mwana. Mawa lomwe pitani kwa aphunzitsi mukafotokoze zomwe zinachitika, mupemphe masiku angapo. Timatabwato tiumitseni pamthunzi kuti tisapindike, mugule guluu wina, koma kumata amate yekha. Apongozi apempheni mwaulemu kuti asoke kamatiresi ndi kapilo. Munthu amene wasoka yekha kapilo sadzanenanso kuti pakabedipo pamagona ndondocha.

Chenjezo langa ndi ili: musamawaseke apongozi pagulu, chifukwa wamkulu akachita manyazi amasanduka mdani. Ndipo musaiwale kuti wapwetekeka kwambiri si inu. Ropafadzo anaona ntchito ya manja ake ikutchedwa ufiti. Kabediko kakabwera kuchokera kusukulu, kasalowenso m'kabati. Kaikeni pabalaza, ndipo mlendo akafunsa kuti anapanga ndani, muwasiye agogo ake ayankhe.