Machira a m'Kompyuta ya Tadala

Joni,
14 Okutobala

Okondedwa achimwene a William,

Ndayamba ndi moni. Kodi mwadzuka bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga, ana ndi zidzukulu? Nanga bondo lija likuti bwanji? Ndinamva kuti mukungolipaka mafuta a nsatsi. Likapitirira kutupa kwerani kabaza mukaonetse ku Lisungwi, musachite makani monga mwa nthawi zonse. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga.

Amene agwira cholembera ndi akamwini athu a Wisdom, amuna a mwana wanga Tadala, pakuti mukudziwa kuti ine ndi pepala sitinadziwanepo. Ndawauza alembe mmene ndikuyankhulira, asakonze kanthu. Andifunsa kuti bwanji osangoimba foni. Ndawayankha kuti pa foni inu mumandidula ndisanafike pakati pa nkhani, komanso mukamafika pachulu paja pofuna netiweki mumakhala mutakwiya kale. Pepala simungalidule pakamwa. Iwe Chiyanjano, ndikudziwa ndiwe ukuwerengera bambo ako. Uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale akuuze kuti basi zakwana.

Ng'ala ya diso lakumanja anachotsa bwinobwino. Tsiku lomatula bandeji, choyamba kuona chinali nkhope ya Tadala, ndipo ndinadzidzimuka, chifukwa mwana uja wasanduka mayi ake enieni, malemu mkazi wanga Stelia, mpaka kakwinyidwe ka pamphumi. Zovuta zilipo zazing'ono. Nyumba yake ndi yosanja, masitepe makumi atatu ndi anayi, ndinawawerenga ndi mawondo. Anthu kuno sapatsana moni. Ndinapereka moni kwa mayi wina woyenda ndi galu wovala juzi, amene anandiyankha ndi galuyo. Manachesi awo ndi okongola khungu koma m'kati ndi madzi okhaokha, osafika ndi theka la a kumunda kwathu.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mukudziwa kuti Tadala amajambula pa kompyuta zitsulo za madenga a mashopu, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi. Chimene sitinkadziwa kumudzi n'chakuti akaweruka amajambulanso zina zimene mtima wake umakonda.

Kuno kuli malo amasewera kumene anthu amalipira ndalama kuti akaopsezedwe. Anandiperekeza ndikaone. Kuli kasitima koma njanji yake ili m'mwamba, pa mizati, ndipo mipando ikulendewera kunsi kwa njanjiyo. Anthu amawamanga pachifuwa, miyendo ili lendelende ngati mileme. Tcheni chimakakoka kasitimako kukwera pang'onopang'ono, chikulira ko ko ko, kenaka n'kungokasiya. Injini kalibe. Kamathamanga ndi kulemera kwake komwe, monga njinga yodzaza matumba a mbatata ikamatsika phiri mabuleki atatha. Kamawatembenuza anthu chadodolido kanayi konse, iwo akukuwa ngati aona njoka m'nyumba, koma akatsika akukaimanso pamzere. A Wisdom anakwera kuti aonetse chamuna pamaso pa apongozi. Anatsika ndi nsapato imodzi, n'kunena kuti ali m'mwambamo anaona denga la kwawo ku Chifunga. Pano akukana kulemba zimenezi, koma ndaona ndi diso latsopano kuti alemba.

Tadala ndiye amamanga masitima otere m'kati mwa kompyuta. Amayala njanji chidutswa ndi chidutswa, amazika mizati, amapachika mipando, akatha n'kudina kabatani, basi mukuona ngati mwakwera inuyo. Ndinkayesa ndi zidole za ana. Anandiuza kuti ayi, pulogalamu yakeyo siinamizika. Phiri likatalika koposa liwiro, kasitima kamabwerera chafutambuyo. Amayesanso miyendo ya munthu wamtali koposa, kuti isakagunde mzati. Ndipo m'mbali muli mzere umene umanena mmene thupi la wokwera likuponderezedwera kapena kuponyedwa cham'mbali. Ukakhala wobiriwira zili bwino. Ukafiira, ndiye kuti munthu weniweni akanathyoka khosi kapena kukomoka.

Tsono kampani ina yakunja, imene imamanga masitima enieniwo, inalengeza kuti ikufuna anthu awiri oti iwaphunzitse ntchito. Aliyense atumize kasitima kake kolendewera mwezi wa Sepitembala usanathe, koma kakhale koti kangamangidwe ndi chitsulo chenicheni anthu n'kukwera osavulala. Tadala anati mwayi wotere sudzamudutsanso pakhomo, ndipo ukamuphonya adzakalambira pa madenga.

Anamanga zonse bwino, mzere uli biriwiri kuyambira pokwera mpaka pa mabuleki, kupatula malo amodzi. Kasitima kakangotuluka m'chadodolido chachiwiri kamapendekeka n'kukhotera kumanzere, ndipo pamenepo mzere unkangoti psuu. Sabata ziwiri akulimbana napo. Anatalikitsa khona, pakafiirabe. Anachepetsa liwiro, kasitima kakalephera phiri lotsatira n'kubwerera. Anasiya kudya bwino. A Wisdom akamuuza kuti apumeko, ankawayankha kuti munthu wotaya nsapato asamalangize za masitima.

Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, kutatsala masiku asanu, anandikhazika pampando wake akuti tiyese diso. Ndinakwera, achimwene, ndili pampando wa m'nyumba koma ndagwiritsa tebulo. Titafika pamalo paja mutu wanga unangodziponya wokha kumbali. Ndinamuuza kuti abwezeretse. Anabwezeretsa. Kachitatu ndinanena kuti malo ano ndikuwadziwa, apa ndi pa Mwala wa Mbira.

Chiyanjano unali usanabadwe, choncho imva. Chaka cha riferendamu, m'mawa kukuwaza, matenda a mimba ya Tadala anayamba ndipo azamba anati zavuta, tithamangire kuchipatala. Msewu kunalibe. Tinamanga bulangete ku nsungwi yaikulu, n'kugoneka amayi ako aakulu a Stelia m'machiramo, ine kutsogolo, bambo ako kumbuyo. Potsetsereka pa Mwala wa Mbira paja njira imazungulira thanthwe lili kumanzere. Bambo ako anakuwa kuti tulukani m'njira, iwo n'kulowa m'tchire la minga kumanja. Ine ndinati misala, njira ilipo yabwinobwino, ndinakhota nayo mothamanga. Machira anagwedezeka, a Stelia anamenyetsa chiuno pathanthwe. Tadala anabadwa bwino madzulo ake, koma chiuno chija chinkawawa nyengo yozizira iliyonse mpaka tsiku lomwalira.

Achimwene, kuyambira pamenepo mlandu sunathe. Ine ndimati inu munakankha kumbuyo. Inu mumati ine ndinakakamira njira. Tinakangana pa maliro a amalume, tinakangana pa chinkhoswe cha Tadala yemweyo, mpaka ankhoswe anatikhazika motalikirana. Stelia tikamufunsa ankati iye sangaweruze, tsiku limenelo anali wotanganidwa ndi zina. Ndipo nthawi zonse inu munkamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti nsungwi siipinda, choncho pa khona njira ndi ya wodwala, onyamula aziyenda m'tchire. Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri moti ndinkadana nawo ngati udzudzu wa m'khutu.

Koma tsiku limenelo anatuluka okha pakamwa panga. Ndinamufunsa Tadala kuti mzere wosalala umene amajambulawo ndi wa yani, wa nsungwi kapena wa wodwala. Anati ndi wa njanji, ababa. Ndinati ndiye bambo ako aang'ono akanakhala pano akanakuuza kuti njira waipereka kwa nsungwi, anthu ako olendewerawo ndi amene akuponyedwa kuthanthwe.

Anayang'anitsitsa mzere uja. Kenaka anandisuntha ndi mpando womwe, ngati thumba la chimanga, n'kuyamba kufufuza. Anapeza kanambala kena, n'kugwira kumutu. Akuti akatswiri a ntchitoyi ali ndi chimene amati mzere wa pamtima: kasitima kakamapendekeka kazizungulira pachifuwa cha wokwera, chifuwacho chiziyenda mosalala, njanji ndiyo izipatuka. Iye ankazidziwa. Koma zaka zonsezi ankamanga masitima okhala pamwamba pa njanji, kumene mtima wa munthu uli m'mwamba, ndipo kanambala kaja kanatsalira momwemo. Pa kolendewera mtima uli kunsi. Ndiye kuti kompyuta inkasamalira munthu wa mphepo pamwamba pa njanji, enieniwo ikuwakupiza kunsi ngati mchira wa ng'ombe. Anadzitcha chitsiru. Ndinamuuza kuti asadandaule, n'zakumtundu, anatengera wonyamula kutsogolo.

Atatsitsa mzerewo, ndinaona ndi maso njanji ikutuluka panja pa khona, ikukwera cham'mbali, ndendende mmene munalowera m'minga muja, mipando ikudutsa pakati mwaulemu. Kufiira kuja kunatha, kunangotsala kachikasu pang'ono, akuti kameneko n'kololedwa, ndi kamene anthu amalipirira. Ntchito sinathere pomwepo. Njanji itasuntha, mizati khumi ndi umodzi inapezeka pamalo olakwika, wina unaima pomwe pamadutsa miyendo. Anazula n'kuzikanso masiku atatu, n'kutumiza kutatsala tsiku limodzi. Dzina anakapatsa lakuti Machira. A Wisdom anati n'koyenera, popeza mwiniwake anakwera kasitima kolendewera asanabadwe, osalipira.

Lachisanu lapitali yankho labwera. Mwa anthu ambirimbiri atsala asanu ndi mmodzi, Tadala ali momwemo. Pa 5 Novembala adzacheza naye pa kompyuta kuti asankhe awiri aja. M'kalata yawo anatchula khona lomwelo, akuti likuyenda mofewa, ndipo akufuna adzafotokoze maganizo ake anachokera kuti, ndi tanthauzo la dzinalo. Sitikudziwa mmene zidzathere, koma mwana akudya tsopano, ndipo akuimba posamba.

Pempho langa ndi limodzi. Nsungwi ija ndinaisomeka kudenga la khola la mbuzi, ngati chiswe sichinaimalize. Muitsitse, musaipale, ikhale ndi mwaye wake. Mupite nayo pa Mwala wa Mbira, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, Chiyanjano akajambule ndi foni yake n'kutumizira mchemwali wake mwezi uno usanathe. Tadala akufuna adzawaonetse azunguwo nsungwi, thanthwe, ndi munthu amene anamuphunzitsa. Ndinayesa akunena ine, ndinayamba kale kukonza kolala. Anati ayi ababa, ndikunena bambo aang'ono.

Apa a Wisdom aimitsa cholembera, akundiyang'ana, chifukwa akudziwa chimene chatsala. Lembani, akamwini.

Tadala atatumiza kale, ndinamupempha andionetsenso kasitima kakale kaja kosakonza, koma ndikuonera panja, osakwera. Ndinaona njanji ikutsata njira yake bwinobwino, yonyada, ndipo kunsi mipando ikuti phaa kumbali. Ndinaonera kanayi. Kumbuyo kunalibe wokankha aliyense. Achimwene, simunakankhe. Ndine ndinakakamira njira. Minga imene inakung'ambani miyendo tsiku lija, ija ndinkakusekani nayo kuti munathawira m'tchire ngati gwape, munalowamo chifukwa cha mkazi wanga. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndikukusenzetsani mlandu wanga. Mundikhululukire. Stelia ndidzamuuza ndekha ndikabwera, ndikadzapita kukalambula pamanda pake.

Ndikudziwa kuti kalatayi muisunga m'Baibulo n'kumaitulutsa pa msonkhano uliwonse wa banja. Palibe kanthu. Ndadinda chala changa pansipa kuti musavutike kufuna mboni. Koma musayese kuti ndavomeranso za malire a dimba, imeneyo ndi nkhani ina, kompyuta sinaione.

Ndidzanyamuka Tadala akadzacheza nawo anthu aja, dokotala akadzaonanso diso komaliza. Mvula ikafulumira musandidikire, mbewu ili m'chigubu kuseri kwa chitseko. Kalatayi ndapatsira mnyamata wa basi amene amasiya katundu pa shopu ya a Kassim ku Lisungwi, pamodzi ndi jekete lanu ndi mpango wa alamu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa alongo athu kutsidya, kwa azakhali ngati makutu akumvabe, kwa adzukulu onse, ndi kwa akulu ampingo. Tadala akuti moni bambo aang'ono, ndipo akuti muvale malaya abwino. A Wisdom akupereka moni, akuti dzanja lafa.

Pojambulapo, inu mukaime kumanja, m'tchire, pamene munaima tsiku lija, nsungwi ili paphewa. Kutsogolo kukagwire wina aliyense, koma naye mukamuuze atuluke m'njira. Pakati pakhale popanda munthu. Pamenepo ndi pa Stelia.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mkulu wanu, wonyamula kutsogolo,
Gerishon