Phazi Langa Linadumpha Mzere

Lachisanu, 21 Meyi 1954, Balaka

Phewa layambanso. Tsiku lonse kulemba mabelo a thonje pa sitesheni, pofika kunyumba mkono wosakwera. Mkazi wanga Anastasia wandithowa ndi madzi otentha. Akuti, "Bambo a Hilary, chaka chino chikhale chomaliza."

Mpikisano Lolemba ku Zomba. Chiyambire 1948 palibe wandiposa poponya nthungo m'Nyasaland muno. Zinayambira ku nkhondo, sajeni wathu ataona momwe ndinkaponyera bomba la m'manja. Nthawi imeneyo mkono unkachita kundikoka wokha. Pano ndili ndi zaka 36. Wopambana ulendo uno apita ku Harare mu Julayi. Ndikufuna ndipite ine. Kamodzi kokha.

Lolemba, 24 Meyi, Zomba

Ndapambana.

Kunabwera munthu watsopano, Che Swaibu a kwa Kawinga. Wamtali, wosayankhula. Ali pa swaumu, mwezi wawo wosala. Milomo yosweka, madzi osalawa ngakhale dontho, dzuwa lili phwee. Kuponya kwawo koyamba mafiti 188. Bwalo lonse linati zii.

Ine 179. Kenako 183, phewa ngati akulilasa ndi singano. Kuponya komaliza ndinathamanga ngati wamisala. Mafiti 190.

Koma phazi langa linadumpha mzere. Lakumanja, zala zonse ndi theka la phazi. Ndinamva laimu wa mzerewo pansi pa zala. Mzungu woyang'anira mzere maso ake anali kumwamba, pa nthungo. Ndinalikoka msanga phazilo. Palibe anakuwa.

Che Swaibu anabwera kudzandigwira chanza. Anangoti, "Mwaponya, achimwene." Chikho andipatsa, chithunzi andijambula.

Lachitatu, 26 Meyi, Balaka

Anthu kudzaona chikho. Chachisanu ndi chiwiri. Anastasia wachipukuta ndi phulusa, wachiika pakati pa zinzake.

Uladi, wonyamula katundu pa sitesheni, kwawo n'komweko kwa Che Swaibu. Wandiuza nkhani masana. Mkulu wina wa apolisi anawalonjeza ntchito akapambana, kuti aziponyera timu ya apolisi. Nyumba ya malata, yunifomu. Akazi awo ndi oyembekezera. Uladi akuti, "Koma ndi Mulungu, bwana, sinali yawo." Ndinati eya. Ndinalakwitsa nambala ya ngolo kawiri.

Lamulungu, 30 Meyi

Ku Misa sindinalandire ukaristia. Anastasia anaona. Pobwera, pa njira ya ku chitsime, anandifunsa. Ndamuuza zonse.

Anati, "Mwandiuziranji ine? Kauzeni mwini wake."

Madzulo chikho chija wachichotsa pakati pa zinzake. Sindinafunse kumene wachiika.

Lachiwiri, 8 Juni

Sabata yonse kuzengereza. Lachinayi lapitali ndinalemba kalata kwa mzungu wamkulu wa masewera. Mizere isanu. Ndinaing'amba katatu ndisanaitumize.

Yankho lafika lero ndi sitima ya m'mawa. Akuti woweruza sanaone cholakwa, ndipo wosewera sadziweruza yekha. Akuti dzina langa linapita kale ku Harare, silingasinthe. Andithokoza chifukwa cha mtima wabwino.

Mtima wabwino! Ndikanakweza dzanja pomwepo pabwalo, inali ntchito ya mawu awiri.

Ndipo ndisanamize buku langa lomwe. Nditawerenga kuti silingasinthe, mumtima munapepuka. Ndinakondwa. Izi ndiye zikundiopsa.

Loweruka, 12 Juni

Panjinga mpaka ku Ntaja. Kunyamuka mbandakucha, kuwoloka Shire pa Liwonde, zitunda za Machinga ndikukankha. Phewa moto. Pa msika ndinafunsa kwa telala wa pafupi ndi mzikiti, anandilozera njira ya kwa Che Swaibu.

Che Swaibu kulibe. Ndinapeza akazi awo, a Lukiya, akupeta mpunga pakhonde. Mimba yayikulu. Anandigwadira, kunditungira madzi. Nditatchula dzina langa anati, "Ndinu aja munawaposa? Amakutchulani ndi ulemu."

Akuti Idi itangodutsa amuna awo anapita kukalembetsa za ku migodi, ku Joni. Zaka ziwiri. Adzakwera sitima kwathu konkuno Lachinayi.

Nthungo yawo inali itatsamira pakhoma. Nsungwi chabe, kunsonga chitsulo cha khasu lakutha, chomangidwa ndi waya. Ndi imeneyi anaphunzirira, yekha, m'dambo. Ine yanga inachokera ku Ulaya. Ndinaigwira, ndinaibwezera pamalo pake.

A Lukiya sindinawauze kanthu. Anandiikira mpunga m'kansalu. Ndinalandira.

Lachinayi, 17 Juni

Anafika pa lole, anthu ngati makumi atatu, aliyense bulangeti ndi kasutikesi. Che Swaibu ndinawaona msanga chifukwa cha kutalika. Ndinawaitanira kuseri kwa shedi ya thonje.

Mawu ndinali nditakonza ambiri. Anatuluka ochepa. Ndinati, "Che Swaibu, tsiku lija phazi langa linadumpha mzere. Wopambana munali inu."

Sanadabwe. Anati, "Ndinaliona. Ndinali kumbuyo kwanu."

Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Anati, "Ndikananena ine, akanamvera ndani? Ine wa m'dambo, kapena inu wa zikho zisanu ndi chimodzi? Ndinadikira kuti munene nokha. Mpaka pokwera lole ya kwathu ndinali kucheukabe."

Ndinati sindipita ku Harare. Apo ndiye anakwiya, nthawi yoyamba. "Iyayi! Malo anga mwatenga, ndiye muwasiye opanda munthu? Pitani. Koma mukaponye kuposa 188. Mukalephera, mwandibera kawiri."

Belu linalira. Anakwera osandigwira chanza. Ngolo yawo ndinailemba ndine m'buku la sitesheni.

Loweruka, 3 Julayi

Kuponya m'mawa uliwonse kuseri kwa njanji. 180. 178. 184 kamodzi. Usiku wa dzulo mkono unachita dzanzi mpaka ku zala, supuni kugwa. Anastasia akungondithowa. Sakunenanso zoti ndisiye.

Uladi akuti a Lukiya achira, mwana wamwamuna. Bambo ake sanamuone.

Lolemba, 19 Julayi, Balaka

Ndabwera dzulo. Pa sitesheni anthu, nthungululu, ana a sukulu ndi nyimbo. Akuti kukhala wachitatu pa mayiko atatu si zamasewera. Andinyamula pamapewa mpaka pa sitolo ya Mmwenye.

Mafiti 181.

Kuponya kwachiwiri china chake chinaduka m'phewa, ndinachimva. Dokotala wa kumeneko wati nthungo basi. Amene anapambana ndi mzungu wa ku Bulawayo. Anaponya 186.

186. Che Swaibu akanapambana, ndi mafiti awiri.

Uladi wandipatsa keyala ya ku mgodi. Akuti kumeneko alipo wowawerengera makalata. Pepala lili apa chiyambire masana. Cholembera ndikugwira ndi dzanja lamanzere, zilembo ngati za mwana. Ndalemba kuti, "Okondedwa Che Swaibu, ndabwerako ku Harare." Nambala ziwirizo ziyenera kulowamo zonse, yanga ndi ya mzunguyo. Sindikudziwa ndiyambe ndi iti.