Katundu wa Malemu Ali pa Mpando, Pampu Ili Pansi Pake

Aphungu,

Ndikudziwa kuti tsamba lanu ndi la nkhani za m'banja, osati za galimoto. Koma mupirire nane, chifukwa kwathu kuno ziwirizi zalowana.

Tsiku lomaliza limene ndinayenda ndi akazi anga, a Gisela, linali Loweruka wamba. Iwo ankagwira ntchito yothandiza amalonda kuwolotsa katundu pa chipata cha Mwanza, ndipo Loweruka ankaweruka masana. Anandipeza pa Boma ndikugula misomali. Analiza hutala kawiri monga mwa chizolowezi chawo, ine n'kukakhala pa mpando wanga wa kumanzere. Nsapato za kuntchito anali atavula kale n'kuponya kumbuyo, poti ankati nsapato zazitali zimawanamiza pa kilatchi. Tinaima pamsika. Anagula nsalu yoti akasoketse, ndi ambulera, chifukwa yakale ndinaiiwala kumaliro kwa Nthache. Njira yonse anandinena za ambulerayo. Titafika kunyumba anati katunduyo atsitsa mawa, mutu ukuwawawa. M'mawa mwake tinapita nawo kuchipatala pa galimoto ya aneba. Lachitatu anatisiya.

Galimotoyo inali yawo, osati yanga. Ndi ya ku Jeremani, yakale, ya zitseko ziwiri, mtundu uja wothamanga. Anaigula kwa munthu wina wochokera ku Joni. Madalaivala a mathiraki pachipata ankaizindikira ndi kulira kwake isanaoneke. Ine kuyendetsa ndimatha, koma iyi ndinkaiopa. Iwo ankandiseka, amvekere: “Bambo a Anne, mumaiyendetsa ngati mwanyamula mazira a eni ake.”

Patha chaka ndi miyezi iwiri. Zovala za m'nyumba achibale anagawana monga mwa mwambo, ndipo sindinakanize kanthu. Za m'galimoto palibe anazikumbukira, inenso sindinawakumbutse. Pa mpando wakumbuyo pali nsapato zija, imodzi inagona chammbali. Pali nsalu ikadali m'pepala lake, ambulera, juzi, ndi fayilo ya mapepala a kuntchito. Lamulungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndimalowa m'shedi mmene galimotoyo imakhala, ndimaliza injini mphindi zisanu, n'kukhala m'menemo kanthawi. Sinditembenuka. Ndimangoyang'ana pa kagalasi koonera kumbuyo.

Mafuta atasowa chaka chatha, thanki inali itatsala pang'ono kuuma. Ndinaopa kuti ikangosiya kulira ndiye kuti yafa. Munthu wina wa zigubu anandigulitsa malita makumi awiri, nati awa ndi amphamvu, amene amathira a mipikisano ya galimoto. Fungo lake linali lachilendo, ngati muli kachasu. Malemu sankalola mafuta a m'chigubu ngakhale dontho. Ine ndinathira.

Poyamba inkangovuta kulira kukazizira. Kenaka inayamba kutsokomola, kunjenjemera, n'kumazima yokha. Tsopano pansi pake pamanyowa, ndipo m'kati monse mukununkha petulo. Kafungo ka mafuta awo odzola kamene kanatsalira mu juzi sikakumvekanso.

Ndinaitana a Zakeyu, makaniko amene akhala akuikonza chiigulireni. Anathira madzi pang'ono m'botolo, naika chizindikiro pamene madziwo alekezera, nawonjezera mafuta amene anatchera pa paipi yodontha, nakhutchumula. Zitadikha, madzi aja anali atakwera kupitirira theka la botolo. Anandifotokozera kuti ethanolo, uja wonga kachasu amene amasakaniza ndi petulo, amathamangira kumadzi, ndiye kukwera koteroko kukusonyeza kuti m'thanki mwadzaza ethanolo, petulo ndi wochepa. Anafinya paipi ina ya labala, inali yofewa ngati nthochi yakupsa. Kenaka anati ayenera kuona pampu, ndipo pa galimoto imeneyi pampu ili m'kati mwa thanki, khomo lake lili pansi pa mpando wakumbuyo. Anatsegula chitseko, napinda mpando wakutsogolo, natambasula dzanja kuti achotse nsapato.

Ndinawagwira mkono. Sindinachitepo zoterezi kwa munthu wamkulu. Anandiyang'ana, nati: “Achimwene, mayiwa inenso ndinkawalemekeza. Koma pampu siituluka ndi pemphero.” Anatola masipanala awo n'kumapita.

Mwana wathu Anne, amene amagwira ntchito ku Blantyre, akuti ndikapanda kuikonza abwera ndi anthu adzaikoke. Amayi ake ndi amene anamuphunzitsa kuyendetsa, pa galimoto yomweyi. Akudandaulanso kuti shediyo inagundana ndi khitchini, kumene alamu anga a Dyna amakoleza mbaula akabwera kudzandiphikira.

Funso langa ndi ili. Kodi palibe mankhwala othira m'thanki, kapena njira yofikira pampu chapansi, kuti mpandowo usakhudzidwe? Nanga nditathira petulo wabwino pamwamba pa woipayo, sizingakonzeke zokha? Sindikufuna galimoto iwonongeke. Sindikufunanso kuti zinthu zichoke pamene anazisiya.

K.M., Mwanza

Bambo K.M.,

Pepani ndi imfa ya mayi. Koma ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Mbaula ichoke pafupi ndi shediyo lero lomwe, ndipo injiniyo musailizenso. Petulo akamadontha, mpweya wake umakwawa pansi, umadutsa pansi pa chitseko, ndipo sufuna lawi lalikulu, khala limodzi likwana. Kukhala m'shedi injini ikulira ndi ngozi inanso payokha. Utsi wake umagoneka munthu osadziwa.

Ine si makaniko, choncho kalata yanu ndinamuwerengera mnzanga wina amene wakalambira m'galaja. Sanadabwe. Petulo amene timagula pa malo omwetsera mafuta amakhala kale ndi ethanolo pang'ono, ndipo galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siidandaula kwenikweni. Zanuzi ndi zina. Munathira wochuluka zedi, m'galimoto yakale, n'kuiimika miyezi yambiri. Labala wa nthawi imeneyo sanapangidwe kuti azikumana ndi ethanolo wotero. Amafufuma, amafewa, kenaka amang'aluka, ndiko kudontha mukuonako. Ethanolo amakokanso chinyezi. Galimoto ikangokhala, madziwo amadikha pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira, ndipo dzimbiri limayamba. Litsiro limene ethanoloyo wasungunula limakatseka sefa ndi timabowo topopera mafuta mu injini.

Wa zigubuyo sananame zonse. Alipodi a mipikisano amene amathira ethanolo, koma amayamba asintha mapaipi, pampu ndi kachunidwe ka injini, chifukwa pamafunika ethanolo wambiri kuposa petulo kuti injini ikhute. Yanuyo yakhala ikulira ndi njala. Mphindi zisanu za Lamulungu sizinaithandize, zimangozunguza zoipazo m'mapaipi.

Tsono yankho langa ndi lakuti ayi. Palibe botolo la mankhwala limene lingabwezeretse labala wovunda, ndipo kuthira petulo wabwino pamwamba ndi kungomutaya. Za kudzera pansi ndinafunsanso. Akuti ngakhale atafuna kutsitsa thanki yonse, mawaya ndi mapaipi amamasulira pakhomo lomwelo la pansi pa mpando. Mpandowo udzuka basi.

Pitani kwa a Zakeyu mukapepese. Mawu awiri akwana, munthu amene wasamala galimotoyo zaka zonsezi amvetsa. Galimoto ili panja, achotse batire, akhuthule mafuta onse, koma osapopa ndi pakamwa. Mafutawo asapite kukhitchini kapena kwa wa njinga yamoto amene angakupempheni. Thanki itsukidwe. Mapaipi onse a labala, sefa ndi timphira totsekera zisinthidwe, ndipo muwauze afune zopirira ethanolo. Pampu aiyese, ikapezeka yadzimbiri musaikakamire. Asinthenso oyilo. Galimoto ikadzuka izimwa pa malo ovomerezeka pokha, ndipo iziyenda ulendo weniweni sabata iliyonse. Galimoto yothamanga imadwala ndi kukhala. Ngati inu mumaiopa, ku Blantyre kuli munthu amene saiopa.

Tsopano za mpando. Simunalakwe kusunga zinthuzo. Za m'nyumba zinapita tsiku limodzi, anthu ali piringupiringu, ndipo inu munatsala ndi kangodya kamodzi kamene palibe anakakhudza. Ndikumvetsa. Koma taonani chimene chikuchitika. Zinthuzo simukuzisunganso, zikumwa petulo. Mwanena nokha za juzi. Mukadikira chaka china, nsalu ndi mapepala zidzakhala zongotaya. Ndikuganiza kuti chimene chinakupwetekani tsiku lija si kuchoka kwa nsapato, koma kuti dzanja lozichotsa linali la munthu wina. Ndiye zichotseni nokha, m'mawa, a Zakeyu asanafike. Muitaneni Anne. Iyenso anaferedwa, ndipo mawu ake okoka galimotowo ndi mantha, si mwano. Mayi anati katunduyo atsitsa mawa. Atsitsireni.

Chenjezo langa ndi ili: pochotsa zinthuzo galimoto ikhale ili panja, zitseko zili zotsegula, pasapezeke wosuta fodya, ndipo musakhalitsemo. Kulira mukalilire pakhonde. Kwa ena amene mukuwerenga, mafuta akadzasowanso kumbukirani kuti galimoto yoima ndi njala imadzuka, koma yomwa za m'chigubu chosadziwika mumakaidzutsira kugalaja.

Aphungu

Yankho ili tinawatumizira bambo K.M. tisanalisindikize, chifukwa cha ngozi ya moto. Patapita masabata atatu anatilembera mawu awa, ndipo atilola kuwaika pano:

“Aphungu, tinachotsa Loweruka m'mawa, ine ndi Anne. Nsapato zinamukwana, watenga. Nsalu tinachapa katatu, a Dyna akasoketsa. Fayilo ndinakapereka kwa anzawo a kuntchito, ndipo akuti munali mapepala amene anawafunafuna chaka chonse. Juzi ndasunga. Pampu inapezeka itadyekadi ndi dzimbiri, tasintha, ndipo galimoto yapita ku Blantyre kwa Anne. A Zakeyu atanyamula mpando uja, pansi pake panali zolembera khumi ndi chimodzi. Zaka zonse zimene malemu anali ndi galimotoyi ankati ndine ndimawabera zolembera, ine ndinkakana, iwo osakhulupirira. Anne anaseka mpaka anakhala pansi m'dothi. Zolemberazo sindinagawe. Zitatu zikulembabe, ndipo kalata ino ndalemba ndi chimodzi mwa izo.”