Za Fayilo ya a Esau Yopezeka m'Foda ya Omwalira

Komiti ya Kopaletivu ya Alimi a Fodya ya Tigwirane
Tsiku: 11 Okutobala 2017
Malo: Khonde la sitolo ya a Uthman, Chamama

Opezeka: Mayi Feliya Chisale (wapampando), Ezelina Nkhoma (mlembi), a Esau Kamanga, a Benjamin Mphepo, a Uthman Saidi
Opepesa: Mayi Elube Zimba (maliro)

1. Kutsegula
A Uthman anapemphera 9 koloko m'mawa.

2. Tsamba la pa intaneti
A Benjamin, oyang'anira kompyuta, anafotokoza kuti membala amayenera kuona foda yake yokha, momwe muli chithunzi chake ndi kalata yolembetsera makuponi. Koma Lachiwiri atafufuta mawu omalizira pa adiresi ya tsambalo, mafoda onse anatseguka.

Anati anapezamo foda ya mamembala omwalira. Omwalira athu ndi asanu ndi awiri, koma mafayilo analimo asanu ndi atatu. Yomalizayo inali ya a Esau.

A Esau anati: "Ndili pano, amayi. Nazale ndathirira m'mawa uno."

Wapampando anafunsa amene anaisamutsa. A Benjamin anati kompyuta ikusonyeza kuti inasamutsidwa Lolemba, ndi nambala yachinsinsi ya a Amosi, mlembi wakale, amene tinawaika m'manda mu Ogasiti. A Uthman anati mwina wina anaitola nambalayo. Mlembi anakumbutsa komiti kuti a Amosi sankailemba paliponse, ndipo anamana ngakhale akazi awo.

A Esau anapempha kuona chithunzicho. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati chigafa chili m'chithunzicho ndi chawodi, koma jekete avalayo sanaivalepo. Ili m'sutikesi, anaisungira tsiku lawo lomaliza.



Zogwirizana: nambala ya a Amosi itsekedwe lero, aliyense asinthe yake, okonza tsamba atseke njira yolowera m'mafoda a ena. A Benjamin anabweza fayiloyo kwa amoyo onse akuona.

3. Zina
A Esau anapempha kuti zikavuta, makuponi awo apatsidwe akazi awo, osati achimwene awo. Wapampando anati zimenezo zisalembedwe. A Esau anati kwa mlembi: "Lembani, mwanawe, ndikuona." Ndalemba.

4. Kutseka
Msonkhano wina: 8 Novembala. Tinatseka 11:20. A Uthman anaperekeza a Esau mpaka pakhomo pawo.

F. Chisale, Wapampando
E. Nkhoma, Mlembi