Mkaka wa Rahma ndi Dandaulo la a Kassimu

KOMITI YA ZAUMOYO YA MUDZI WA MWANYALI, LUNGWENA

Tsiku: Lachitatu, 12 Febuluwale 2025
Malo: Shedi ya sikelo ya ana

Opezekapo: A Abudu Wadi (Wapampando), a Blackson Chiwaula (Mlembi), Shehe Zubair, a Ayub Kassimu, Mayi Edith Nkoloma, Mayi Asiatu Saidi, Mayi Lusiya Phwitiko, Mayi Fyness Chilombo (Mlangizi wa Zaumoyo).
Opepesa: A Bonface Mkwanda (ali ku maliro ku Nkope).

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 2:25 masana, mochedwa chifukwa cha mvula. Shehe Zubair anapereka duwa (pemphero lotsegulira).

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa popanda chokonza.

3. Dandaulo pa Mlangizi wa Zaumoyo

3.1 Wapampando anati analandira kalata ya a Kassimu yopempha komiti kuti ilembere akuluakulu a kuchipatala kuti Mayi Chilombo asamutsidwe. Anapepesa pakamwa kwa amayi ndi kwa Shehe popeza nkhaniyo ikukhudza thupi la mkazi, kenaka anapereka mpata kwa eni kalata.

3.2 A Kassimu anati mwana wa mlongo wawo, Shafi, amene ali ku Joni, anatomera Rahma Imedi, mtsikana wa zaka makumi awiri amene amaphunzitsa ana aang'ono ku madarasa, ndipo ukwati unakonzedwa kuti uchitike Ramadhani ikatha. Anati kuyambira Okutobala amayi ku mzikiti anaona kuti Rahma sakujomba swala (mapemphero) ngakhale tsiku limodzi, chinthu chimene mkazi wosamba mwezi ndi mwezi sangachite. Mu Januwale, ali pa mjigo, bulauzi yake inanyowa pa mawere onse awiri, ndipo amayi amene analipo anati unali mkaka. M'mawa mwake Mayi Chilombo anaoneka atamukweza pa njinga kulowera kuchipatala. A Kassimu anati iwo monga malume ake a Shafi anapita katatu kukafunsa Mayi Chilombo, ndipo katatu konseko anayankhidwa kuti zimenezo sanganene. Anati mtsikana wosakwatiwa satuluka mkaka popanda mimba, ndipo popeza mimbayo sikuoneka, ndiye kuti inachotsedwa. Anatsiriza ndi mawu akuti wobisa chinthu ndi amene anathandiza kuchichita.

3.3 Mayi Nkoloma anati mu Disembala ku sikelo kunabwera ana 61, koma mwezi uno abwera 19 okha. Amayi ena akuti safuna kuti ana awo agwidwe ndi manja ochotsa mimba. Anati ngakhale zili choncho, Mayi Chilombo akhala akuyenda khomo ndi khomo ndi sikelo yawo m'chikwama, ndipo pa makomo ena sapatsidwa n'pokhala pomwe.

3.4 Atapatsidwa mpata, Mayi Chilombo anayankha mwachidule. Anati: "Sindinachotsepo mimba ya munthu, ndipo sindinaperekezepo munthu kokachotsa. Koma zimene ndinamva m'chipinda cha adokotala ndi za mwini wake. Ndikanena za Rahma lero, mawa ndidzanena za aliyense wa inu."

Wapampando anawapempha kuti auze komiti yokha, ndipo Mlembi asalembe. Mayi Chilombo anakana mwaulemu. Wapampando anawakumbutsa kuti akhala m'mudzi muno zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kalata yotere ikhoza kuwaipitsira mbiri ya ntchito. Iwo anati akudziwa, ndipo ngati kuli kusamuka asamuka.

3.5 Wapampando ali pafupi kufunsa maganizo a mamembala, Mayi Phwitiko anadziwitsa msonkhano kuti Rahma ndi amayi ake, Mayi Awa Imedi, aima kuseri kwa shedi kuyambira pamene duwa inkaperekedwa. A Kassimu anati awiriwo si mamembala. Shehe Zubair anati si bwino kukamba za munthu mwini wake akunyowa panja. Wapampando analola kuti alowe.

3.6 Rahma anapereka moni kwa onse, anaika buku lake la kuchipatala patebulo, nayankhula ataimirira. Mawu ake alembedwa monga anawanenera, pa pempho la Wapampando.

"Abambo anga atamwalira mu 2023 ndinadwala mutu. Sindinkagona, ndinkamva mawu a anthu amene panalibe. Mayi anga anauza anthu kuti ndapita kukacheza kwa azakhali ku tauni, koma ndinali m'chipatala milungu isanu. Kuchokera pamenepo ndimamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, ndipo ndili bwino monga mukundionera. Mu Seputembala anandionjezera mlingo. Kenaka ndinasiya kusamba, ndipo mkaka unayamba kutuluka. Ndinkamanga nsalu pachifuwa kuti usaoneke. Ndinkaganiza kuti ndi khansa. Sindinauze ngakhale mayi anga.

"Tsiku la pa mjigo lija amayi onse anayamba kunong'onezana. A Chilombo ndi amene anandifunditsa chitenje chawo n'kundisenzera chidebe mpaka kunyumba. Sanandifunse kuti mwamuna wake ndani. Anandifunsa kuti, kodi pali mankhwala amene ukumwa? Nditawaonetsa ndinati ndiwataya. Anandiletsa, anati usasiye ngakhale tsiku limodzi mpaka adokotala aone.

"Kuchipatala anandiyeza mkodzo, mimba panalibe. Anandipima mawere, chotupa panalibe. Adokotala anati ndi mapiritsi, ndipo anandisinthira. Mkaka ukuchepa, ndipo mlungu wathawu sindinaswali masiku asanu chifukwa ndayambanso kusamba. Amene amawerenga swala zanga aja mwina aona.

"Ine ndi amene ndinawagwira miyendo a Chilombo kuti asanene, chifukwa ndinkaopa kuti mudzanditcha wamisala n'kuchotsa ana ku madarasa. Andisungira milungu inayi, akutukwanidwa m'malo mwanga. Ndaona kuti zakwana."

3.7 Mayi Imedi anapepesa chifukwa chobisa matenda a mwana wawo. Mayi Saidi anawasendezera benchi.

3.8 Wapampando anapempha chilolezo kwa Rahma ndipo anawerenga tsamba la pa 16 Januwale m'bukulo. Zolembedwamo zinagwirizana ndi zimene Rahma ananena.

3.9 Mayi Phwitiko anafunsa ngati zoterezi zimachitikadi kwa munthu amene sanaberekepo. Mayi Chilombo, atayang'ana kaye kwa Rahma ndi kuvomerezedwa, anafotokoza kuti mankhwala ena amachititsa thupi kupanga mkaka ngati kuti munthu akuyamwitsa, ndipo nthawi zina amaimitsanso kusamba. Anatchula ena mwa mankhwala a matenda a m'maganizo, ena oletsa kusanza, ndi ena a kuthamanga kwa magazi. Anati si aliyense womwa mankhwalawa amene zimamuchitikira. Woona zotere asasiye mankhwala payekha ndipo asamafinye mawere, koma apite kuchipatala ndi buku lake pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa. Anaonjeza kuti ngati zotulukazo zili ndi magazi, kapena zikutuluka bere limodzi lokha, kapena pali chotupa, munthu asagonekeze ulendo wa kuchipatala.

3.10 A Kassimu anafunsa Rahma ngati Shafi akudziwa za matendawo. Rahma anayankha kuti anamuuza asanatumize n'komwe ankhoswe, ndipo ndi Shafi amene amamuimbira foni m'mawa uliwonse kumukumbutsa mapiritsi. Za mkaka anamuuza tsiku lomwe anachokera kuchipatala. A Kassimu anafunsa chifukwa chimene Shafi sanawauzire. Rahma anati: "Nayenso ndinamupempha, amalume."

 

3.11 Kenaka a Kassimu anapempha kuti awabwezere kalata yawo. Wapampando anati: "Che Ayubu, kalata ikhala m'faelo, koma tilembapo kuti eni ake aichotsa." A Kassimu anavomera. Anatembenukira kwa Mayi Chilombo nati anayankhula asanadziwe, ndipo akupempha chikhululukiro. Mayi Chilombo anati akhululuka, koma chimene akufuna n'chakuti ana abwerere ku sikelo, chifukwa asanu ndi awiri adutsitsa tsiku la katemera.

3.12 Rahma anapempha kuti popeza nkhaniyi inayambira pa bwalo la mzikiti, ikathere pomwepo. A Kassimu anafunsa kuti akanene mpaka pati. Rahma anati akanene zonse, za mapiritsi zomwe, kuti pasapezeke wina wofuna kudzazitsa yekha pamene pasiyidwa. Shehe Zubair anati adzapatsa a Kassimu mpata woyankhula ku mzikiti Lachisanu swala ikatha.

3.13 Mayi Nkoloma anafunsa ngati makolo sadzachotsa ana ku madarasa akamva. Shehe anati ena akhoza kutero, ndipo sangalonjeze kuti onse adzamvetsa. Koma anati Rahma waphunzitsa chaka ndi miyezi iwiri akumwa mapiritsi omwewo, sanajombepo popanda chifukwa, ndipo ana a m'kalasi mwake ndi amene amawerenga bwino kuposa onse. Anati malinga iwo ali pa mzikitiwo, kalasiyo ndi yake.

3.14 Wapampando anati za ukwati si za komiti ino, zikakambidwa ndi ankhoswe. A Kassimu anapempha kuti zilembedwe kuti ku mbali yawo tsiku silisintha.

3.15 Mlembi anafunsa Rahma ngati dzina lake lichotsedwe m'zolembedwazi. Anayankha kuti lilembedwe lonse, pamodzi ndi la abambo ake.

Zomwe komiti inamanga:
(a) Dandaulo lachotsedwa, ndipo kalata yosamutsa Mlangizi silembedwa.
(b) Mlembi alembere akuluakulu a kuchipatala kalata yoyamikira Mayi Chilombo. Iwo anati n'zosafunika, koma mamembala onse anakweza manja, a Kassimu poyamba.
(c) Mayi Nkoloma ndi Mayi Phwitiko ayende m'makomo kuitanira amayi ku sikelo yapadera Lachiwiri likudzali.
(d) Pa sikeloyo Mayi Chilombo aphunzitse za mankhwala amene angayambitse mkaka. Rahma anadzipereka kukhalapo kuti ayankhe mafunso.

4. Zina ndi zina

4.1 Mayi Phwitiko anati denga la shedi likudontha pamwamba pa sikelo. Wapampando anati aliona Loweruka.

4.2 Membala mmodzi, amene anapempha kuti dzina lake lisalembedwe, anati kunyumba kwa m'bale wake kuli mtsikana wa zaka 17 amene ankamwa mankhwala onga a Rahma. Mkaka utayamba, ndipo atamva mmene anthu ankamunenera Rahma, banja linamubisira mapiritsi kuti usiye. Tsopano patha milungu itatu, ndipo mtsikanayo wayambanso kuyankhula yekha ndi kukana chakudya. Membalayo anati nayenso anali m'gulu la onena Rahma pa mjigo, akudziwa zimene zili kwawo. Anapempha Mayi Chilombo kuti akapeza nthawi mawa akamuone. Mayi Chilombo anati milungu itatu ndi yambiri, apita lero lomwe.

Wapampando analamula kuti mfundo imeneyi isatuluke m'shedi muno. Palibe anatsutsa.

5. Msonkhano wotsatira

Lachitatu, 12 Malichi 2025, pa malo omwewa, 9 koloko m'mawa popeza ambiri adzakhala akusala.

6. Kutseka

Shehe Zubair anatseka ndi duwa 4:40 madzulo. Mayi Chilombo ndi membala uja ananyamuka nthawi yomweyo, akukankha njinga chifukwa cha matope.

Abudu Wadi, Wapampando ____________________

Blackson Chiwaula, Mlembi ____________________