Petronela ndi Zitsulo Zake Zopyapyala

Ndirande, Blantyre
9 Juni 1991

Okondedwa alamu a Venansio,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti chisanu chalimba, ndipo nyumba yandikulira chimwalirire achemwali anu.

Uthenga umene munatuma a Mwantumu unafika. Akuti mwana wa mbumba yanu sangakwere ndege tisanamete maliro a mayi ake, komanso kuti ngati akufuna za zitsulo, amisiri a zidebe ali mbwee pamsika wa Ndirande pompano. Sindinakhumudwe. Inenso poyamba ndinkaganiza choncho.

Koma mwana wathuyo, Petronela, anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Sakagwira nyundo ayi, ngakhale chitsulocho sakachikhudza. Ntchito yake ndi masamu okhaokha. Akuti magetsi amayenda ndi tinthu tosaoneka, timene timazungulira ngati nguli, tina cha kumanja, tina cha kumanzere. Akasanjikiza zitsulo ziwiri zopyapyala kuposa khoko la anyezi, china cha maginito china wamba, tozungulira mbali imodzi timaunjikana pamalire, monga anthu pageti la fakitale m'mawa. Iyeyo azikawerengera kuti timachulukana bwanji pamenepo, ndiponso timayenda mtunda wotani tisanaiwale mbali imene tinkazungulira. Ndinamufunsa ngati tonse timaiwala. Anati inde. Sindinafunsenso china.

Aphunzitsi ake a ku Zomba ndiwo anamupezera malo a maphunziro ku Mangalande, ndipo akapanda kufika mu Seputembala, malowo apatsa wina. Achemwali anu ankazidziwa zimenezi. Anayamba kumulukira juzi ali gone m'chipatala. Inatsala mkono umodzi, ndipo mayi Shamsa oyandikana nafe aitenga kuti amalize.

Pempho langa ndi limodzi. Mwini mbumba ndinu, ine ndine mkamwini chabe. Mmeto munauika mu Okutobala. Chonde ubwezeni ukhale mu Ogasiti, kuti mwanayu adzamete pamodzi ndi abale ake, inu mudzamutsanzike ndi pakamwa panu. Chimera ndi mbuzi ndikonza ine. Iye wanena kuti mukakana sapita. Mukumudziwa mmene anatengera mayi ake: sapitadi.

Mundiperekere moni kwa apongozi, kwa akazi anu ndi kwa ana onse. Apongozi muwauze kuti mankhwala a maso aja ndidzabwera nawo ndekha.

Sutikesi ya Petronela ndinamugulira, koma ili pamwamba pa kabati, yopanda kanthu. Akudikira mawu anu.

Ine mlamu wanu,
Laurenti